Kodi PE ya ku Koleji Imalimbitsadi Thupi la Mphunzitsi Wamawa?

Mwana wokulira m'dera la Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza, amadziwa kutopa kwa thupi asanadziwe kulemba dzina lake. Amakula akuunga mizere, kutunga madzi, kupalasa njinga ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo, ndiponso kuyenda wapansi mtunda wautali kupita kusukulu. Ena mwa ana otere akamaliza sekondale amapeza malo ku Chipata College of Education kapena ku makoleji ena osulira aphunzitsi. Kumeneko amakumana ndi phunziro la masewera olimbitsa thupi, lomwe aliyense amangolitcha PE. Kodi phunziroli limasintha chiyani m'thupi la munthu amene akusulidwa uphunzitsi? Kodi amatuluka m'koleji ali wolimba kuposa mmene adalowera, kapena amangotuluka ndi manotsi onena za mmene ena angalimbire?

Funsoli n'lofunika pa zifukwa ziwiri. Kupulaimale, makamaka kumidzi, mphunzitsi mmodzi ndiye amaphunzitsa zonse, kuyambira masamu mpaka PE, choncho zimene koleji idaika kapena kulephera kuika mwa iye zimagwera ana onse a m'kalasi mwake. Chachiwiri ndi umoyo wa mphunzitsi mwini. Boma la Zambia lidalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 m'chaka cha 2022 chokha, ndipo ambiri mwa iwo adzaima patsogolo pa bolodi kwa zaka makumi atatu kapena kuposerapo. Thupi limene adzagwire nalo ntchito zaka zonsezo likuumbidwa tsopano.

Kulimba kwa thupi n'chiyani?

Pachichewa tikati munthu ndi wamphamvu timaphatikiza zinthu zambiri. Akatswiri amazilekanitsa, chifukwa chilichonse chimakula mwa njira yakeyake. Choyamba ndi kupirira kwa mtima ndi mapapo, kumene kumathandiza munthu kuthamanga kapena kuvina nthawi yaitali osaphupha ndi befu. Pali mphamvu ya minofu, yonyamulira katundu wolemera kamodzi, ndi kupirira kwa minofu, kobwerezera ntchito imodzimodzi kambirimbiri monga pa khasu. Pali kufewa kwa molumikizana mafupa, komwe kumalola munthu kuwerama n'kugwira zala za kumapazi mawondo ali chiwongokere. Chomaliza ndi kuchuluka kwa mafuta m'thupi poyerekeza ndi minofu ndi mafupa. Zisanuzi ndizo zimakhudza umoyo. Liwiro, changu potembenuka ndi luso lowakha mpira ndi za gulu lina, lofunika kwambiri pampikisano.

Zonsezi zimayesedwa, ndipo njira zambiri zoyesera sizilira ndalama. Kenneth Cooper adafalitsa mu 1968 njira yoona mtunda umene munthu angathamange m'mphindi 12. Luc Léger wa ku Canada adakonza, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mayeso othamanga uku ndi uku pa mtunda wa mamita 20, liwiro likukwera pang'onopang'ono mpaka munthu atalephera. Bwalo, chingwe choyezera ndi wotchi ya pafoni n'zokwanira.

Kuchokera ku dirilu kufika ku Expressive Arts

Makolo athu sadadikire sukulu kuti alimbitse matupi a ana. Kusaka, kusambira, kulimbana, chimtali, chitelele ndi gule wamkulu zidali kale sukulu ya thupi, ndipo aliyense amene adaonerapo magule pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, akudziwa mpweya umene wovina amafunika kukhala nawo. Masewera a pa ndandanda ya sukulu adabwera ndi amishoni, monga a Dutch Reformed Church amene adatsegula Magwero mu 1899. Chimene adabweretsa chidali dirilu: ana pamzere, mphunzitsi akulamula, manja m'mwamba, manja m'mbali. Muzu wake udali ku Sweden, kwa Per Henrik Ling, amene adakhazikitsa sukulu yake ku Stockholm mu 1813, ndiponso ku maguba a asilikali. Buku la boma la Britain la 1933 lotsogolera masewerawa m'sukulu lidafalikira m'maiko ambiri olamulidwa ndi Angerezi. Cholinga chachikulu chidali mwambo ndi kumvera. Komabe dirilu idali ndi ubwino umodzi womwe tiyenera kuuvomereza: mphunzitsi wosulidwa nthawi imeneyo ankaichita yekha ndi thupi lake asanailamule kwa ana.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, PE idakhalabe pa ndandanda, koma popeza sinkalembedwa pamayeso, idasanduka nthawi yomalizira masamu, yosesa kapena yolima m'munda wa sukulu. Cha m'ma 2000 kudabwera kosi ya ZATEC, ya zaka ziwiri, chaka chimodzi kukoleji ndi china kusukulu. Maphunziro adaikidwa m'magulu, ndipo PE idalowa m'gulu la Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo ndi zojambulajambula. Kuphatikizaku kudali ndi nzeru yake, pakuti gule ndi nyimbo komanso ndi masewera, koma maola amene PE idali nawo payokha adagawidwa patatu.

M'chaka cha 2005, chimene United Nations idachipatula kukhala cha masewera ndi PE, nkhaniyi idamvekanso kwambiri, ndipo Pulezidenti Levy Mwanawasa adalamula kuti phunziroli liziphunzitsidwa m'sukulu zonse. Ndondomeko ya maphunziro ya 2013 idaika PE ndi masewera ngati imodzi mwa njira za ntchito zamanja zimene mwana wa sekondale angasankhe, ndipo phunziroli lidayamba kulembedwa pamayeso a Examinations Council of Zambia. Aphunzitsi a pulaimale tsopano amasulidwa zaka zitatu za dipuloma. Kulowa pamayeso kudakweza ulemu wa PE, koma kudabweretsanso chiyeso china. Phunziro lolembedwa limakokera anthu m'kalasi. N'zotheka kukhoza bwino funso la mafupa a mwendo osatulutsapo thukuta ngakhale dontho.

Zimene zimachitika m'thupi

Pano ndi pamene pali zodziwika bwino, zosatsutsika. Thupi limazolowera katundu amene lapatsidwa. Munthu akamathamanga katatu kapena kanayi pa sabata, madzi a m'magazi amachuluka m'masiku oyambirira omwe. Mtima umadzaza bwino ndipo umakankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Chifukwa cha ichi sufunikanso kugunda pafupipafupi munthu akakhala phee. Kwa munthu wamkulu mtima umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi, koma kwa othamanga ozolowera umatsika mpaka ka 50 kapena kucheperapo. Wophunzira aliyense angadziyese yekha m'mamawa asanadzuke: agwire mtsempha wa padzanja, awerenge kwa masekondi 15, achulukitse kanayi.

M'minofu namo mumasintha. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timachuluka, ndipo tizigawo ta m'maselo timene timatentha chakudya ndi mpweya wa okosijeni timawonjezeka. Mnofu wotere umakoka shuga m'magazi mosavuta, n'chifukwa chake masewera amateteza ku matenda a shuga. Pa nkhani ya mphamvu, kusintha kwa masabata oyambirira kumachokera ku ubongo ndi minyewa, zimene zimaphunzira kudzutsa mnofu wonse nthawi imodzi. Kukula kwa mnofu weniweniwo kumabwera pambuyo. Mafupa nawo amalimba akamalandira kugunda kwa kulumpha ndi kuthamanga, ndipo amafika pachimake cha kulimba kwawo munthu asanakwanitse zaka 30. Ambiri osulidwa uphunzitsi ali m'zaka zomwezi, choncho zimene achite kukoleji adzazimva ali okalamba.

Umboni woyamba wamphamvu wakuti kusuntha thupi kumateteza mtima udachokera ku London mu 1953. Jeremy Morris adayerekeza madalaivala a mabasi osanjikizana, amene ankakhala pampando tsiku lonse, ndi makondakitala amene ankakwera ndi kutsika masitepe kambirimbiri pa tsiku. Makondakitala ankadwala mtima mocheperapo. Anthuwa ankagwira ntchito m'basi imodzi, koma matupi awo ankakhala moyo wosiyana.

Pali lamulo lina lowawa: zimene thupi lapeza limazibweza likasiya kuzigwiritsa ntchito. Kupirira kwa mtima kumayamba kutsika pakangotha masabata awiri kapena atatu munthu atasiya. Tchuthi chimodzi chongokhala chikhoza kudya gawo lalikulu la zimene teremu yonse idamanga.

Mlingo wake

Mankhwala amagwira ntchito akamwedwa pa mlingo wake, ndipo masewera ali chimodzimodzi. Malangizo a World Health Organization a 2020 amati munthu wa zaka 18 mpaka 64 azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Apakatikati ndi amene munthu amatha kulankhula koma osatha kuimba. Amphamvu ndi amene amangotha kutulutsa mawu awiri kapena atatu asanapume.

Tsopano tiwerenge. Tiyerekeze kuti koleji yapatsa PE maola awiri pa sabata. Ola limodzi lipita ku manotsi: malamulo a mpira wamanja, kalembedwe ka pulani ya phunziro, thandizo loyamba kwa wovulala. Zonsezi n'zofunika kwa mphunzitsi. Latsala ola limodzi la pabwalo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti pa phunziro la PE nthawi imene ophunzira amasunthadi mwamphamvu kawirikawiri sifika theka, popeza ina imathera posintha zovala, kumvera malangizo ndi kudikira mpira pamzere. Zotsala ndi mphindi zosakwana 30 pa sabata. Mlingo umenewu ungasinthe pang'ono munthu amene ankangokhala, koma sungakweze mnyamata kapena mtsikana wochokera ku khasu.

Choncho yankho loona la funso lathu lili ndi mbali ziwiri. Ophunzira akaikidwa pa ndondomeko yeniyeni, katatu pa sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu, katundu akuwonjezeka pang'onopang'ono, kulimba kwawo kumakwera ndipo kumaoneka pa mayeso. Phunziro la pa ndandanda palokha silikwana. Mphamvu yake yeniyeni ili pa zimene limayambitsa kunja kwa kalasi: kuthamanga kwa m'mamawa, timu ya hositelo, gulu la magule, chizolowezi. Ichi n'chifukwa chake amene amatenga PE ngati phunziro lawo lalikulu, monga ku Kwame Nkrumah University ku Kabwe kapena ku University of Zambia, sitingawayerekeze ndi osulidwira kupulaimale. Iwo amakhala pabwalo maola ambiri, ndiponso ambiri adasankha phunziroli chifukwa adali kale okonda masewera. Tikawapeza olimba, sitingadziwe msanga kuti gawo la koleji ndi liti ndipo gawo lomwe adabwera nalo ndi liti, pokhapokha atayesedwa polowa ndi potuluka.

Khasu ndi bwalo: mkangano woyamba

Kumudzi ambiri amati PE ndi ya ana a m'tauni, pakuti wolima amachita kale masewera okwanira. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Wophunzira wochokera kwa Mlolo nthawi zambiri amafika kukoleji ndi msana, mikono ndi miyendo yolimba kuposa mnzake amene adakulira pa minibasi. Kwa iye koleji ikhoza kukhala malo oyamba m'moyo wake kumene madzi ali pampopi, nsima ikuphikidwa ndi ena, ndipo tsiku lonse likuthera pabenchi ndi pafoni. Ngati palibe cholowa m'malo mwa khasu ndi njinga, munthuyu amatsika m'malo mokwera, ndipo thupi limayamba kusunga mafuta. Kwathu kunenepa kwa wapantchito timakuyamikira kuti zinthu zikuyenda. Koma kafukufuku wa STEPS wa 2017 adapeza kuti ku Zambia pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi wonenepa kupyola muyezo.

Mbali inayo ikuti ntchito ndi masewera sizipatsa thupi phindu lofanana. Andreas Holtermann wa ku Denmark ndi anzake akhala akuonetsa kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siteteza mtima monga amachitira masewera a nthawi yopuma. Chifukwa chomwe amapereka n'chakuti ntchito imatenga maola ambiri pa liwiro lotsika, thupi lili chowerama, popanda mpumulo wokwanira, pamene masewera amakweza mtima kwambiri kwa nthawi yochepa kenaka thupi n'kupuma. Otsutsa amati kafukufuku wambiri wotere adachitikira ku Ulaya, ndipo umphawi, fodya ndi zakudya za antchitowo zikhoza kusokoneza zotsatira. Mkanganowu sunathe. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti ulimi uli ndi nyengo. Umavuta kuyambira pogalauza mpaka pokolola, umagwiritsa ntchito minofu yomweyomweyo, ndipo suphunzitsa munthu kuwongola msana umene waupinda tsiku lonse.

Kodi onse amapindula mofanana?

Ayi, ndipo aphunzitsi a m'makoleji ayenera kudziwa zimenezi asanayambe kupereka malikisi. Pa kafukufuku wa HERITAGE, wotsogozedwa ndi Claude Bouchard, anthu 481 a m'mabanja 98 adapalasa njinga zoima pa ndondomeko imodzi kwa masabata 20. Ena adakwera kwambiri, ena sadasinthe kwenikweni, ndipo pafupifupi theka la kusiyanaku lidaoneka kuti n'lakumtundu. Mu 2017 David Montero ndi Carsten Lundby adaonetsa kuti amene ankaoneka osasintha adayamba kusintha atawawonjezera mlingo. Phunziro lake n'lakuti wophunzira ayerekezedwe ndi mmene iye mwini adaliri poyamba. Kumupatsa malikisi chifukwa chopambana anzake pa liwiro ndi kupereka mphoto kwa makolo ake.

Kuno kum'mawa kwa Zambia kuli zinanso zimene mabuku olembedwa kunja satchula kawirikawiri. Malungo amaswa maselo ofiira a magazi, omwe ndiwo amanyamula okosijeni. Wophunzira amene wangochira malungo adzaphupha ndi befu msanga ngakhale atakhala wakhama chotani. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 adapeza kuti akazi 31 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mtsikana wotsalira pothamanga asathamangiridwe kunenedwa ulesi. Ayambe wapimidwa magazi, ndipo aonedwenso zimene akudya, pakuti nsima yambiri ndi ndiwo zochepa sizimanga magazi kapena minofu. Dzuwa la Okutobala nalo silofunika kulichitira makani. Masewera amphamvu achitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi.

Atsikana ambiri amafikanso kukoleji atasiya masewera kalekale, atangotha msinkhu, chifukwa cha manyazi, zovala ndi ntchito za pakhomo. Phunziro limene limangoponya mpira wamiyendo pakati pa bwalo limasiya anyamata khumi akusewera, ena onse atakhala pamthunzi.

Kodi mphunzitsi ayenera kukhala wolimba kuti aphunzitse bwino?

Uwu ndi mkangano wachiwiri. Ena amati mphunzitsi ndi chitsanzo, ndipo mwana amakhulupirira zimene akuona kuposa zimene akumva. Amatchula kafukufuku wa Melville ndi Maddalozzo wa 1988 ku America. Mphunzitsi mmodzi adajambulidwa kawiri akuphunzitsa phunziro lomwelo, kachiwiriko atavala chovala chomuonetsa wonenepa. Ana amene adaonera kanema wachiwiriyo adakhoza mocheperapo pa mafunso. Ena amayankha kuti zimenezi zikungoonetsa tsankho la oonera, ndipo kusankha aphunzitsi poona matupi kungatsekereze anthu aluso, kuphatikizapo olumala, amene angathe kuyendetsa phunziro labwino kwambiri.

Umboni wolemera kwambiri uli kumbali ya luso. Pa kafukufuku wa SPARK ku California, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1997, ana ophunzitsidwa ndi akatswiri a PE ankasuntha mwamphamvu mphindi 40 pa sabata, ophunzitsidwa ndi aphunzitsi wamba amene adalandira maphunziro apadera mphindi 33, ndipo a m'makalasi osathandizidwa mphindi 18 zokha. Mphunzitsi wamba atasulidwa bwino adayandikira kwambiri katswiri. Kwa sukulu za ku Chadiza, kumene katswiri wa PE kupulaimale ndi wosowa, iyi ndi nkhani yolimbikitsa.

Komabe luso ndi kulimba sizitalikirana monga mkanganowu umaonetsera. Munthu amene sadamvepo m'chifuwa mwake kusiyana kwa liwiro lapakatikati ndi lamphamvu sangadziwe pamene mwana wafika polekezera. Amene amachita manyazi kulumpha pamaso pa anzake kukoleji adzapeza chifukwa chosatulutsira ana pabwalo. Mphunzitsi safunika kukhala katswiri wothamanga ngati Samuel Matete kapena Muzala Samukonga. Afunika mpweya wokwanira kuonetsa ana chochita, kuthamanga nawo pang'ono, n'kubwerera m'kalasi akutha kulankhula.

Zoyenera kuchitika kukoleji ndi kusukulu

Choyamba n'kuyesa. Wophunzira aliyense ayesedwe polowa, kumapeto kwa chaka chilichonse, ndiponso akabwerera kuchokera ku sukulu zimene amakayeserako kuphunzitsa. Mayeso a mphindi 12, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi (BP) ndi kukula kwa chiuno zilembedwe m'kabuku kake, mwachinsinsi, osati pa bolodi la zidziwitso. Popanda manambala amenewa koleji singadziwe ngati ikumanga kapena ikugwetsa.

Chachiwiri n'kusintha kaphunzitsidwe ka pabwalo kuti mizere yodikira ithe. Magulu a anthu anayi kapena asanu, aliyense ali ndi chochita, amachulukitsa mphindi zosuntha popanda kuwonjezera ola pa ndandanda. Manotsi ambiri angaphunzitsidwe thupi likuyenda: phunziro la mtima limamveka bwino wophunzira atagwira mtsempha wake atangotha kuthamanga.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chimakhudza Mlolo mwachindunji, wophunzira asulidwe ndi zipangizo zimene adzazipeze kumene akupita. Sukulu ya kumudzi ikhoza kukhala ndi mpira umodzi wa ana mazana, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 makalasi adadzaza kwambiri. Koma kuli bwalo, kuli chingwe cha jingo ndi waida, kuli mpira wokulunga ndi mapulasitiki, kuli ng'oma. Chimtali cha mphindi 20 chimakweza kugunda kwa mtima, chimatenga ana 80 nthawi imodzi, ndipo mtsikana amene amakana mpira sachikana. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 za kusuntha kotere tsiku lililonse, ndipo mphunzitsi amene akuvina nawo akukwaniritsanso mlingo wake wa sabata.

Inu amene muli kukoleji tsopano, musadikire kuti ndandanda isinthe. Pezani anzanu awiri, sankhani masiku atatu pa sabata, yambani ndi mphindi 20 m'mamawa, ndipo lembani kugunda kwa mtima wanu lero kuti mudzayerekeze pakatha miyezi itatu.